Galasi la Lole ya a Magiya

12 Meyi

Okondedwa amake Kabuku,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi mwana wathu Kabuku? Nanga miyendo ya amayi yatani tsopano popeza chisanu chayamba? Ine kuno kudziko la eni ndilipo. Kachifuwa kokha ndiko kamandivuta m'mawa, koma pantchito pathu aliyense amatsokomola chifukwa cha utsi wa moto wodulira zitsulo.

Kalata yanu yayenda masabata atatu. Yafika ikununkhira anyezi, moti ndisanaitsegule ndinayamba ndaiika pamphuno. Anzanga atatu a m'chipinda muno anandiseka mpaka misozi.

Katundu ndapatsira Wailesi, mnzanga wa tsidya lija la mtsinje amene timagona naye chipinda chimodzi. Wanyamuka dzulo kukaona makolo ake. M'chikwamamo muli bulangeti la amayi, nsapato za Kabuku, nyale yotchaja padzuwa kuti aziwerengera, ndi envulopu yanu. Muyambe mwalipira mayeso a mwanayo, zina pambuyo. Ndalama yachepa ulendo uno chifukwa lendi yakwera, buledi naye wakwera kawiri mwezi umodzi. Wailesi si wakuba, koma pakamwa pake mukupadziwa. Musamuuze kanthu kamene simukufuna kuti dziko lonse limve.

Mwati mlatho sanaukonzebe. Chaka chachitatu chino! Anthu aja anabwera ndi zingwe zoyezera, nkukhoma zikhomo, nkudya nkhuku zathu, anathera kuti? Mapolo a magetsi aja angoima opanda waya, akhwangwala ndiwo apindula. Ndamvanso chisoni kuti aphunzitsi awiri athawa. Sindiwanena. Munthu angakhale bwanji kumalo koti kuimba foni mpaka ukwere phiri maola awiri, ukafika pamwamba netiweki nkukukana? Kumpoto kwathuko anatiiwala ngati khasu lothyoka. Kuno ntchito yanga nkuphwasula magalimoto akufa, ndipo ena mwa magalimoto amene timadula ndi abwino kuposa galimoto iliyonse imene inapondapo kwathu. Ndikamamasula matayala ake mtima umandiwawa.

Ndasangalala kuti gulu lanu la amayi lagulitsa anyezi woyamba ndi nyemba, osawolera m'nyumba ngati chaka chatha. Mwati papezeka dalaivala wolimba mtima amene akumawoloka ndi lole pamchenga, mmunsi mwa mlatho wakugwawo, kamodzi pa sabata. Mulungu amudalitse. Mwatinso makalata athu ndiye akumawatenga pagolosale ya pothera tara nkukufikitsirani. Chabwino.

Koma pali kanthu kamodzi. M'kalata ya masamba awiri, dzina la dalaivalayo, a Magiya, mwalilemba kasanu. Ndawerenga. A Magiya anati, a Magiya anatithandiza, a Magiya anaseka. Langa lili pamwamba pokha ndi pa envulopu. Sindikunena kanthu, ndangoona. Kodi ndi munthu wamkulu? Ali pabanja? Mundiuze kuti ndidziwe momuthokozera.

Kabuku, ndaona mzere wako pansi pa kalata. Zilembo zako zaposa za aphunzitsi. Limbikira, mwana wanga.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a Kabuku


30 Juni

Amake Kabuku,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo sindizungulira.

Wailesi wabwerako Loweruka. Lamulungu masana ndinali kuchapa ovolosi pampopi wa kuseri, iye atakhala pa ndowa. Ndinamufunsa za kumudzi.

"Onse ali bwino," iye anatero. "Makamaka alamu athu. Anenepa, akuwala ngati poto watsopano."

Ndinati zikomo.

"Ndinawaona ndi maso angawa, atakhala kutsogolo, chigongono pawindo ngati abwana."

"Kutsogolo kwa chiyani?"

"Kwa lole ya Magiya. Amayi anzawo onse ali pamwamba pa matumba kudya fumbi, iwo okha m'kati, akuseka mpaka mano onse pamtunda."

Ndinapitiriza kuchapa ngati sindinamve. Kenako ndinafunsa kuti Magiyayo ndi wamkulu bwanji.

"Wamkulu? Wochepa kwa iwe ndi ine. Tsitsi lakuda bii, wotchi padzanja. Mkazi wake anamwalira chaka chatha."

Ovolosi ija ndinaifinya mpaka batani linathothoka.

Ndikudziwa kuti Wailesi amathira mchere nkhani iliyonse. Koma utsi sufuka popanda moto. Ndiye ndikufunseni mwaulemu: n'chifukwa chiyani pa amayi makumi anayi a gululo, mpando wakutsogolo ndi wanu? Ulendo wa kumsika ndi wa masiku awiri. Mumagona kuti? Amagona kuti iyeyo? Kalata yanu yatha simunayankhe funso langa loti ali pabanja kapena ayi. Munangolumpha ngati mwaona njoka.

Wandiuzanso kuti mwafolera khitchini ndi malata. Anthu akuti akumaima panjira nkumaloza. Ine ndinayenera kukondwa, ndikudziwa. Koma malata amenewo ndinalonjeza kuti ndidzagula ine. Zaka zinayi ndili kuno, ndikugona pabedi lokwezedwa pa njerwa, nsalu yotchinga ndiyo khoma langa, ndikudya buledi ndi madzi a shuga kuti ndidzafolere nyumba yanga ndi dzanja langa. Lero ndikumva kwa Wailesi kuti anyezi wandipitirira. Ndipo malatawo anawanyamula ndani kuchokera kutawuni? Anawatsitsa ndani pakhomo panga? Anamwa madzi m'kapu iti?

Mvetserani. Sindikuletsani ulimi, sindikuletsani gulu. Koma kuyambira lero mukwere pamwamba ndi anzanu. Ngati fumbi likuvuta, mange mpango. Kapena achimwene anga azipita m'malo mwanu, inu muzitsala pakhomo ndi amayi.

Mbuzi yabere ija musagulitse. Denga la khola muuze achimwene alikonze mvula isanaganize zobwera.

Kuno masiku ano tikumayenda moyang'ana kumbuyo. Sabata yatha apolisi anabwera m'mawa ndi magalimoto awiri nkutenga anthu opanda mapepala pamsewu wathu. Ine ndinali nditapita kale kuntchito. Za mapepala anga ndidzakuuzani tsiku lina.

Ndiyankheni msanga, ndipo muyankhe zonse.

Mwamuna wanu


4 Ogasiti

Amake Kabuku,

Moni. Ndamva kuti amayi akupezako bwino, ndathokoza. Mukaona zilembo zanga zapindika musadabwe, dzanja lamanja ndalimanga. Chitseko cha basi yakufa chinandipana pang'ono. Si nkhani.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Sindinadziwe kuti mkazi wanga anaphunzira kuyankha ngati loya.

Mwati: "Ndimakhala kutsogolo chifukwa gulu linandisankha kusunga buku, ndipo pa gulu lonse odziwa kuwerenga sikelo tilipo awiri, winayo ali ndi khanda." Mwati ogula a kutawuni amaba pa sikelo akaona kuti munthu wachokera kumapiri, podziwa kuti sangabwerere ndi katundu wake. Zimenezo ndikuzidziwa, anandiberapo inenso. Mwati mumagona m'shedi ya pamsika, amayi nonse pamodzi, mitu pa matumba. Chabwino. Koma sikeloyo ili kumsika, sili m'lole. Buku silingakwere pamwamba?

Ndipo mawu awa andibaya: "Achimwene anu akapita m'malo mwanga, anyezi adzafika kumsika koma ndalama idzathera pa bala." Mwina n'zoona. Koma ndi mbale wanga, ndipo kale simunkalankhula choncho za abale anga. Mwatinso, "Lole ndi imodzi, msewu ndi umodzi, mukufuna tidye nsanje yanu?" Amake Kabuku, ndani wakuphunzitsani pakamwa pamenepa? Munali munthu woti ndikalankhula mumayang'ana pansi nkumaseka chamumtima. Lero mukudziwa mitengo ya dizilo. Mukudziwa kuti masipuling'i a lole atha, kuti matayala akutsogolo ndi osalala, kuti eni malole ena onse anakana msewu wathu. Mwalemba ndime yathunthu kundidandaulira za masipuling'i a mwamuna wina! Za chifuwa changa mwafunsa mzere umodzi.

Ine magalimoto ndimawadziwa kuposa Magiya wanuyo. Injini ndimaimasula mpaka kabawuti kotsiriza. Kungoti yanga ndilibe. Iye amagwira chiwongolero, anthu nkumamuimbira m'manja akawoloka mtsinje, ana nkumathamangira lole yake. Ine ndimabwera kuchipinda nkhope ili bii ndi oilo, wondilonjera palibe. Akadakonza msewu uja kalekale, bwenzi malole akupikisana pakhomo pathu, munthu mmodzi osasanduka mfumu. Bwenzi inenso ndili konko, ndikulima anyezi wangayo, osati kuno.

Funso langa lija mwaliyankha mwa theka. Mwati inde mkazi wake anamwalira, "nanga ndi mlandu?" Si mlandu. Koma mbuzi sasungitsa fisi chifukwa choti fisiyo ali pa maliro.

Popeza mawu anga mwawakana, ndalembera achimwene. Ndawauza kuti akakhale naye pansi munthuyo, amuuze kuti mkaziyo ali ndi mwini wake. Basi. Musakwiye, ndi udindo wawo pamene ine kulibe.

Mwati mayeso a Kabuku adzalembera kusukulu ya kutawuni chifukwa yathu ilibe chilolezo, ndipo lole idzanyamula ana onse khumi ndi awiri. Mumusokere diresi lina, asakaoneke wakumudzi pakati pa anzake. Ndidzatumiza kanthu mwezi ukatha, abwana akandilipira masiku amene sindinagwire.

Ndine mwamuna wanu, ngakhale zikuoneka kuti mwaiwala


15 Sepitembala

Amake Kabuku,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa mwana. Ine ndilipo. Dzanja likupola pang'onopang'ono. Anandiika kaye pa ntchito yosankha mabawuti m'zitini, ya anthu okalamba.

Masabata asanu ndi limodzi popanda kalata yanu. Ngati mwakwiya, kwiyani, koma lembani. Munthu amakwiya ndi cholembera m'manja.

Achimwene anandiimbira ali pamwamba pa phiri. Mawu ankangodukaduka ndi mphepo. Ndinamva zoti, "Nkhani ija takonza, mphwanga. Sadzayambiranso." Ndinafunsa kuti mwakonza bwanji. Anaseka, nkunena kanthu kena kokhudza anyamata ndi mitengo, foni nkuduka. Ndayesa kuimba kambirimbiri, sikulowa.

Sindinama, tsiku limenelo ndinadya bwino. Ndinagulira anzanga a m'chipinda zakumwa. Wailesi anati, "Mwamuna ndi ameneyo, kulamula mudzi ali kutali." Koma m'mawa mwake ndikupita kuntchito, mawu oti mitengo aja anayamba kundizungulira m'mutu. Ine ndinati akakhale naye pansi. Sindinatchule mitengo.

Mundiuze zimene zinachitika. Anyezi wamkulu mwayamba kukumba? Chaka chino mitengo ya anyezi kuno yakwera kwambiri, ndikhulupirira kwanuko ndi chimodzimodzi. Musagulitse msanga kwa oyamba kufika.

Ndalama ndaika m'kalata muno ndi yochepa. Musafunse.

Kabuku, watsala mwezi umodzi. Masamu usawaope.

Mwamuna wanu


28 Okutobala

Amake Kabuku,

Sindidziwa ngati ndikupatseni moni, chifukwa sindidziwa ngati kalatayi ikupezani pakhomo panga kapena pakhomo pa munthu wina.

Miyezi itatu ikukwana. Ndapita kokwerera mabasi Loweruka lililonse kukafunsa makondakitala ngati anditengera kalata. Afika pondidziwa. Akangondiona amagwedeza mutu ndisanatsegule pakamwa. Wina anandiuza kuti, "Akulu, mkazi akasiya kulemba ndiye kuti wapeza womuwerengera." Anzake anaseka. Inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani?

Wailesi akuti mwina munasamukira kutawuni. Akuti Magiya ali ndi nyumba ya njerwa kumeneko, ya magetsi. Akuti iye sakudziwa kanthu, akungoganiza. Ndinamugwira pakhosi ndi dzanja langa labwinoli mpaka anzathu anatileretsa. Pano sitikulankhulana, ngakhale mabedi athu atalikirana phazi limodzi.

Dzulo pamphambano panaima lole yonyamula kabichi. Kutsogolo kunali mayi wina, akusenda lalanje nkumapatsa dalaivala m'kamwa. Ndinaima pakati pa msewu mpaka magalimoto anayamba kundiimbira mabelu. Ndimakuonani paliponse. Ndimaona mukumusungira madzi osamba. Ndimaona atavala jekete langa lija ndinasiya pa msomali.

Ngati mwapita, ndiuzeni poyera. Sindidzakutsatani. Koma mwana wanga asamutchule munthu ameneyo bambo, ndipo amayi anga musawasiye okha opanda wowatungira madzi. Ndinakulakwirani chiyani? Kuchoka? Ndinachoka chifukwa kwathu kulibe ntchito ina koma kudikira. Munandiperekeza nokha mpaka pamtsinje, inu nkunena kuti pitani, tidzakudikirani.

Mayeso ayenera kuti atha tsopano. Ngakhale za mwana yekha, simungandiuze mmene walembera?

Ine


3 Disembala

Mkazi wanga, amake Kabuku,

Moni. Ndikufunsa za moyo wanu ndi wa amayi, ndipo mapazi a mwana wanga ali bwanji tsopano? Ine ndilipo, ngati kukhalapo n'kumeneku.

Kalata yanu yafika Lachiwiri. Ndinaiwerengera kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo sindinathe kubwerera ku ntchito mpaka kapitawo anadzandifuna. Muwathokoze anesi amene anaitenga pa njinga yamoto popita kukatenga mankhwala. Mwati makalata anga awiri anesiwo anawapeza ali pa shelefu ya golosale, atachita fumbi, ndipo munawawerenga tsiku limodzi. Yachiwiriyo ndikanakonda mbewa zikanaidya. Ine ndinkakunenani kuti mwathawa, chonsecho munthu amene ankanyamula makalatawo ndinamuthamangitsa ndine. Nzeru imeneyi sinandifikire n'kamodzi komwe.

Ndilemba zimene mwandiuza, kuti muone kuti ndamva ndipo sindikuzemba. Achimwene anatenga anzawo a ku bala, nkugwetsa mitengo pa msewu potulukira pamtsinje. Lole itaima anamutsitsa munthuyo, nkumutukwana pamodzi ndi inu pamaso pa gulu lonse, nkuswa galasi lakutsogolo ndi mwala. Ankakuwa dzina langa, kuti atumidwa ndi mwini mkazi. A Magiya anatsitsa matumba onse pomwepo, nkutembenuza lole, ndipo sanabwerenso. Eni malole ena atamva anati kumapiri kuja msewu ndi woipa, anthu akenso ndi oipa.

Anyezi wa mabanja makumi anayi. Mwati munayesa kusenza pamutu mpaka pa tara, koma munthu angasenze matumba angati ulendo wa tsiku ndi theka? Wotsalayo wamera m'nyumba, wina wawola, mudzi wonse ukununkha. Amayi anzanu anakulandani buku, ndipo pachitsime mukafika amakhala chete. Mayi wa khanda uja anakufunsani kuti, "Nsanje ya amuna anu tiphike ndi chiyani?"

Koma za Kabuku ndizo zandithyola. Ana khumi ndi awiri kuyenda pansi, inu ndi aphunzitsi aakulu patsogolo, mvula yoyamba nkukupezani m'njira, mtsinje nkudzaza. Kugona tsidya lino kudikira madzi aphwe. Asanu kubwerera. Mwana wanga kufika pageti nsapato zili m'manja, mapazi atatupa, mayeso a masamu atayamba kale maola awiri, woyang'anira nkumuuza kuti lamulo ndi lamulo. Mwati sanalire. Anakhala pansi pa mtengo nkufunsa kuti mawa alemba chiyani. Enawo analemba onse, podziwa kuti popanda masamu chaka chapita. Ndayang'ana pansi pa kalata yanu, ndatembenuza pepala. Mzere wake palibe. Musamukakamize.

Tsopano mawu anu omaliza. Mwati: "Popeza mukufuna choonadi, nachi. Anandifunsirapo kamodzi, mwezi wa Meyi, tikudikira tayala. Ndinamuuza kuti ndili ndi mwamuna, akabwerezanso ndidzatsika nkuyenda pansi. Anapepesa, sanabwerezenso. Sindinakuuzeni chifukwa ndimakudziwani. Inu zaka zinayi kumeneko, ndinakufunsanipo kuti amakuchapirani ndani?"

Ndiye kuti mtima wanga sunaname konse. Anakufunsirani! Ndikamaganiza zimenezi ndimafuna nditamupeza. Ndiye ndimakumbukira kuti inu munaithetsa nokha nkhaniyo ndi mawu awiri, pamene ine ndaithetsa ndi chakudya cha mudzi wonse ndi chaka cha mwana wanga. Madzi akatayika saoleka.

Funso lanu ndiyankha. Ndimachapa ndekha. Chaka choyamba panali mayi wina wogulitsa zakudya pageti la kuntchito amene ndinkacheza naye kuposa muyeso. Zinatha kalekale. Mwina n'chifukwa chake ndimaona akuba paliponse.

Achimwene sindiwalembera pano. Ndikawalembera lero ndilemba zoti sitidzayang'anananso, chonsecho mwala anaponyawo ndinawapatsa ndine.

Ndipatseni masabata awiri.

Mwamuna wanu wopusa


20 Disembala

Amake Kabuku,

Moni nonse pakhomopo. Ndikhulupirira mvula sinakugwetsereni khola. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikuuzani za dzanja, chifukwa ndatopa kubisa. Chitseko chija sichinandipane pang'ono. Zala ziwiri, chapakati ndi chotsatira chake, anazidula kuchipatala mwezi wa Ogasiti. Sipanala ndikugwira, koma osati ngati kale. Amayi musawauze kaye.

Abwana analonjeza kundipatsa kandalama ka chipepeso kumapeto a chaka. Munthu wopanda mapepala sangapite nazo kulikonse, ndiye umangolandira chimene wapatsidwa. Ndinkati ndalama imeneyo ndikwerere basi, ndidzakuoneni mwezi uno, ndikutulukireni ngati mlendo. Lolemba ndinalowa mu ofesi yawo, chipewa m'manja.

"Wabwerera ndalama ija?" anatero.

Ndinati ayi bwana, ndikufuna galasi lakutsogolo la lole yoyera ili kumpanda ija, ndi masipuling'i ake akumbuyo onse awiri.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Uli ndi lole iwe?"

"Ndilibe."

"Nanga n'za ndani?"

Ndinati n'za munthu wina amene ndinamuswera galasi.

"Mnzako?"

"Ayi bwana. Si mnzanga ngakhale pang'ono."

Anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti tenga, uwonjezere ndi matayala awiri ali apowo, koma za chipepeso tathana. Ndinavomera. Mtundu wa loleyo ndi wofanana ndi ya a Magiya, ndinafunsa Wailesi, amene tayambanso kulankhulana chifukwa ndinasowa wina wondigwirira galasi mbali inayo. Galasilo ndinalichotsa ndekha, pang'onopang'ono, theka la tsiku. Lilibe mng'alu ngakhale umodzi. Ndalikulunga m'mabulangeti awiri, langa ndi lina logula, nkulikhomera m'bokosi la matabwa. Zonse zanyamuka dzulo pa ngolo ya basi ya katundu, ndipo zikatsikira pagolosale ya pothera tara Lachisanu likudzali. Choncho chaka chino sindibwera. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

M'bokosimo ndaikamo kalata ya a Magiya. Ndinailemba kanayi. Yoyamba inali ndi mawu oti ndikudziwa zimene munanena kwa mkazi wanga, ndinaing'amba. Yachiwiri inalinso nawo. Imene yapitayo ikungoti ndine ndinatuma anthu aja, ndalakwa, mudzi usafere ine. Ina ndalembera gulu la amayi, muiwerenge pamaso pa onse, kuti adziwe kuti inu munalibe mlandu. Akafuna kunditukwana anditukwane, adiresi ndaika pansi. Anyezi wawo sindingabweze. Koma nyemba zikubwera mwezi wa Epulo, ndipo ana aja adzafunika kupitanso kukalemba. Kabuku abwereze kalasi. Akakana, mumuuze kuti akwiye nane mmene angathere, koma akwiyire m'kalasi.

Tsopano chovuta. Ndachiganiza masiku onsewa, kufunafuna njira ina, sindinaipeze. Mwati aphunzitsi aakulu anapita kale kukapepesa kwa a Magiya, anawabweza. Achimwene akaonekera adzawathira galu. Munthu amene anatukwanidwa pamodzi naye, amene angamuuze kuti bwererani iye nkumva, ndinu. Ndikudziwa chifukwa chake angakumvereni, ndipo chifukwa chimenecho chikundidya ngati chiswe.

Mtsinje ukaphwa pang'ono, pitani. Mukatenge mayi wa khanda uja ngati angalole, osati chifukwa sindikukhulupirirani, koma kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Akakana, pitani nokha. Mukamuonetse bokosilo, mukalankhule naye mmene mukudziwira. Akavomera kubwerera, ndipo gulu likakubwezerani buku, khalani pamene ntchito ikufuna kuti mukhale. Sindidzafunsanso Wailesi.

Sindikulonjeza kuti ndasintha mtima. Tsiku limene mudzapiteko ine kuno sindidzadya, ndikudzidziwa. Ndidzakhala ndikuwerenga maola, kuti pano afika, pano akugogoda, pano watsegula chitseko. Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mukatuluka kwa munthuyo, musadikire kufika kunyumba. Mukaime pagolosale pomwepo, mupemphe pepala, mundilembere. Ngakhale mizere iwiri.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a Kabuku